Geni ya zitsulo zakutha: zomwe ndaona boma la kuno ku Joni litalowererapo

Nthawi iliyonse ikamveka nkhani yoti kumudzi kwabedwa thiransifoma, kapena anthu adzuka m'mawa n'kupeza mamita a madzi azulidwa laini yonse, zokamba za anthu zimakhala zimodzimodzi. Boma lingotseka geni ya zitsulo basi. Amange onse ogula zitsulo zakutha. Aletse zotumiza kunja. Ine sindiwada anthu oyankhula chonchi, munthu ukagona mumdima mwezi wathunthu chifukwa wina wakhetsa mafuta a thiransifoma n'kusolola kopa wa mkati, chifundo chimatha ndithu. Koma ine ndimakhala ku South Africa, dziko loti zinthu zimenezi anaziyesa kale pafupifupi zonse ndipo malamulo ake alipo mulu, ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaona, kuti tikamakangana tizidziwako chomwe tikukanganirana.

Muwadziwe kaye anthu otola. Kuno ku Johannesburg tsiku lotulutsa mabini, kunja kusanache mumamva kale phokoso la matirole mumsewu. Tirole yake si ya mu shopu ija ayi, ndi thabwa kapena chipulasitiki cholimba chomangirira timatayala, pamwamba pake chithumba chachikulu choti munthu wamkulu atha kugonamo, ndipo akafika pamtsetse mwini wakeyo amakwera pomwepo n'kumatsetsereka pakati pa magalimoto, buleki yake ndi nsapato basi. Ambiri amavala chipewa chobisa nkhope chifukwa cha kuzizira ndi fungo la mabini. Alipo a ku Lesotho ochuluka, a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, eni dziko, ndipo a kwathu sasowa. Ena sayenda mumsewu, amakhalira kumtaya ngati wa Robinson Deep uko kudikira malole otaya zinyalala.

Zambiri zomwe amatola ndi mabotolo a pulasitiki, makatoni, mapepala oyera ndi zitini za zakumwa. Chitsulo ndi mwayi wa tsikulo. Ukapeza bedi lachitsulo lotayidwa, geti yothyoka, shitovu yakufa, injini ya filiji, ndiye kuti madzulo ake ndiwo zisintha. Bungwe la kafukufuku la CSIR linayerekeza kuti anthu odya za ntchito yotolayi m'dziko muno alipo pakati pa 60,000 ndi 90,000. Ali ndi mabungwe awonso, kuno kuli African Reclaimers Organisation, ndipo mu 2020 boma lomweli linatulutsa ndondomeko yoti makhonsolo aziwatenga anthu amenewa ngati mbali ya ntchito yosamala mzinda, osati kumawathamangitsa ngati mbava.

Ku yadi yogula zitsulo ndi komwe nkhani yonse yagona. Ine ndimapitako kukasiya zotsala tikamaliza piece work yokonza nyumba za anthu, mapaipi akale, mabaga, giza yakutha. Ukalowa pali sikelo ziwiri, yaikulu yapansi yokwerapo galimoto ndi ina yaing'ono ya patebulo, ndipo yaing'onoyo ndi imene ili ndi kamera pamwamba komanso bwana amaiyang'anira yekha. Mnyamata wa pasikelo amakhala ndi maginito pa chingwe m'khosi. Akagunditsa n'kumata, chimenecho ndi chitsulo wamba, ponya uko kumulu. Chikapanda kumata amatenga fayilo n'kukanda pang'ono kuti aone mtundu wa mkati, kufiira ndi kopa, chikasu ndi burasi, kuyera ndi aluminiyamu. Kenako chiphaso, amachijambula, amalemba m'buku dzina, nambala ya galimoto, katundu wake ndi makilo. Ndinaonapo mnyamata wina atabwera ndi kachikwama ka kusukulu kodzadza mawaya akuda bii onunkha utsi, bwana sanakweze n'komwe mawu, anangoti tuluka nazo, n'kuloza geti. Mnyamatayo sanadandaule ayi, anangotembenuka ngati munthu wodziwa kale kuti mayadi ndi ambiri.

Buku limenelo bwana salemba mwa kufuna kwake. Pali lamulo la Second-Hand Goods Act la mu 2009, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2012. Aliyense wogula zitsulo ayenera kulembetsa kupolisi, kusunga kaundula wa omugulitsa, ndipo apolisi atha kulowa kudzaona bukulo. Lamulo lomwelo limaletsa kugula kapena kugulitsa nthambo yomwe chikopa chake chawotchedwa, chifukwa akuba amawotcha pulasitiki ya pamwamba kuti kopa atsale yekha komanso kuti zilembo za mwini nthambo zifufutike. Pamwamba pa ilo kunabwera Criminal Matters Amendment Act ya 2015, yomwe imati wowononga zinthu zofunikira ngati nthambo za magetsi, njanji kapena mapaipi a madzi atha kukaseweza mpaka zaka 30. Ku Cape Town khonsolo ili ndi gulu lake la apolisi olimbana ndi akuba zitsulo okhaokha, lotchuka ndi dzina loti Copperheads. Ndiye wina asamanene kuti vuto ndi kusowa kwa lamulo lokhwima, kuno lamulo ndi lokhwima kale kale.

Chomwe anthu ambiri sachimvetsa ndi kusiyana kwa mitengo. Chitsulo wamba kilo imodzi ndi tima randi tiwiri titatu, pamene kopa wabwino kilo imodzi imadutsa R100. Pamsika wa dziko lonse kopa anafika popitirira $10,000 pa tani mu 2021. Ndiye tangoganizani, munthu wokankha tirole atakoka bedi lachitsulo kuchokera ku Rosettenville mpaka ku Booysens thukuta lili kamukamu, ndalama yake siifika n'komwe pa ya kachidutswa ka nthambo kokwana m'thumba la jekete. Awa ndi mageni awiri osiyana omwe amangokumana pa geti imodzi. Wakuba wa serious sataya nthawi ndi dzimbiri.

Tsono za njanji. Apa ndi pomwe ine magazi amandiwira, chifukwa nkhaniyi imakambidwa ngati anthu osauka anangodzuka tsiku lina n'kuyamba kudya sitima. Chakumapeto kwa 2019 kampani ya boma yoyendetsa sitima za anthu, PRASA, inathetsa makontirakiti a makampani a alonda ponena kuti sanaperekedwe motsata ndondomeko. Mwina zinali zoona kuti makontirakitiwo anali a katangale, sindikukana, koma anawachotsa alondawo popanda ena okwanira olowa m'malo. Kenako March 2020 lockdown ya Covid, sitima zinaima, masiteshoni n'kukhala opanda munthu miyezi. Zomwe zinachitika aliyense wa kuno anaziona ndi maso. Nthambo za pamwamba pa njanji zinapita, za masiginolo zinapita, kenako madenga, mafelemu a mawindo, zitseko, mipando, mpaka njerwa. Siteshoni ya Kliptown ku Soweto inasanduka bwinja. Ku Cape Town njanji ya Central Line, yomwe imanyamula anthu a ku Khayelitsha ndi Mitchells Plain, inali itatsekedwa kale mu 2019 chifukwa cha umbava womwewu, ndipo anthu osowa pokhala anamanga zisakasa pamwamba pa njanji penipeni ku Langa ndi ku Philippi. Anavutika ndani? Wantchito wa m'nyumba ndi gadi yemwe ankakwera sitima motchipa, n'kuyamba kulipira taxi ndalama yowirikiza.

Apa ndi pomwe funso la chitsulo chosiyidwa limavuta. Mwini nyumba akatulutsa shitovu yakufa n'kuiika pambali pa bini, waitaya, wotola sanabe. Koma njanji yomera udzu, chitsulo cha mlatho wosagwiritsidwa ntchito, mgodi wakale wotsekedwa, bogi yochita dzimbiri pa njanji ya pambali, zimenezo zili ndi mwini wake ngakhale mwiniyo sanapondepo zaka khumi. Lamulo limatero ndipo ine ndikugwirizana nalo, chifukwa njanji yogona lero itha kudzuka mawa, ndipo zina zadzukadi, PRASA yakhala ikubwezeretsa misewu yake umodzi umodzi ndi ndalama zankhaninkhani. Koma muime pamalo a munthu woti alibe ntchito, tsiku ndi tsiku akudutsa pa siteshoni yopanda denga, yopanda mlonda, anzake akusenza zitsulo masanasana apolisi akudutsa osaima. Amene anabwera poyamba ndi ma grinder ndi malole kudzadula nthambo anali magulu okonzeka, okhala ndi msika wawo kale. Otsatira pambuyo ndi wilibala kudzatola zotsala ndi omwe amajambulidwa pa TV.

Ndiye pa 30 November 2022 boma, kudzera kwa nduna ya zamalonda nthawi imeneyo a Ebrahim Patel, linaletsa kutumiza kunja zitsulo zakutha ndi kopa wakutha kwa miyezi 6, ndipo mu 2023 linawonjezera miyezi ina 6. Chifukwa chomwe anapereka chinali chomveka, amati umbava wa kopa ukuwonongetsa chuma cha dziko ndalama zoposa R47 billion pa chaka mukawerengera sitima zoima, migodi yolephera kutumiza malasha ku doko, mafakitale ozimidwa magetsi. Maganizo ake anali oti ukatseka msika wakunja mtengo ugwa, mtengo ukagwa wakuba aona kuti palibe phindu. Pa pepala zikumveka bwino. Funso langa kuyambira tsiku loyamba linali loti nanga chitsulo wamba chalowamo bwanji, poti chomwe chikubedwa kwambiri ndi kopa?

Yankho lake lili mu ndondomeko ina yomwe inalipo kale anthu ambiri osaidziwa. Kuyambira 2013 wogulitsa zitsulo zakutha sangangotumiza kunja, ayenera kaye kuzitsatsa kwa mafakitale osungunula zitsulo a m'dziko muno pamtengo wotsikirapo kusiyana ndi wakunja, akakana iwowo ndi pomwe bungwe la boma loona za malonda akunja la ITAC limapereka pemiti. Mu August 2021 anawonjezeranso msonkho pa zitsulo zakutha zotuluka m'dziko, 20% pa chitsulo wamba. Cholinga chake sanabise, amafuna mafakitale a kuno azipeza zipangizo motchipa kuti ntchito zisathe. Amalawi izi sitikuyenera kuchita kufotokozeredwa kawiri, ndi zomwe zija zimachitika boma likatseka malire kuti chimanga chisatuluke: mtengo umagwera mlimi wa ku Mchinji, wogula wamkulu wokhala ndi nkhokwe n'kumamwetulira. Kuchotsera komwe fakitale yapatsidwa sikuchokera m'thumba la boma ayi. Fakitale imalipira yadi yaikulu zochepa, yadi yaikulu imatsitsira yadi yaing'ono, yaing'onoyo n'kukafufuta mtengo pa bolodi la pa geti, ndipo pansi pa onsewa pali munthu wa tirole yemwe alibe wina womutsitsira.

Achimwene ena a ku Mangochi omwe amatola mbali ya kwathu kuno ndinawapeza pa yadi nthawi ya chiletsoyo atakhala pa tirole yawo akuwerenga timakobidi. Ndinati bwanji achimwene, lero zavuta? Anati aise, katundu yemweyu, msana womwewu, koma ndalama yake ngati ndabweretsa theka. Ndinawafunsa ngati akudziwa chifukwa chake, anati bwana akuti boma latseka zombo. Kenako anaseka n'kuti, nanga ine ndinabapo chombo? Anthu amenewa nthawi yokambirana za lamuloli mawu awo sankamveka kwenikweni, omwe ankakangana pa wailesi anali mabwana a mayadi akuluakulu ndi mabwana a mafakitale, aliyense akulankhula ngati akumvera chisoni osauka.

Nanga umbava unatha? Kampani ya boma ya sitima za katundu, Transnet, inkataya nthambo zotalika makilomita opitirira 1,000 pa chaka chiletso chisanabwere. Chitabwera nambala inatsikako, izi ndivomere, koma inakhalabe pamwamba pa 1,000, ndipo nthawi yomweyo iwo anali atawonjezeranso alonda ndi ma drone, ndiye sungaloze chiletso chokha kuti ndicho chinathandiza. Chakumayambiriro kwa May 2024 moto unabuka mu ngalande za nthambo pansi pa msewu wa M1 wa ku Johannesburg pafupi ndi Braamfontein chifukwa cha akuba nthambo, madera ozungulira n'kukhala mumdima masiku angapo. Anthu olowa mu ngalande zimenezo ena amakhala ndi mfuti ndipo amawomberana ndi alonda. Ndipo njira yozembera ndi yosavuta kwa munthu wa ndalama: umagula ng'anjo yaing'ono, umasungunula nthambo zija n'kuumba zigumukire za kopa, basi sizilinso zakutha, zasanduka katundu wopangidwa ndipo palibe angadziwe kuti dzulo zinali za njanji. Boma linkadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mu ndondomeko yomweyo linaika zoti kuitanitsa ng'anjo kuchokera kunja ndi kutumiza kunja zitsulo zosungunula kale kuzifuna pemiti. Mbali imeneyo ndiye inali yanzeru, koma siyomwe inatchuka.

Chodabwitsa china, ngakhale makampani a zitsulo okhaokha sanagwirizane. ArcelorMittal South Africa, yomwe imapanga chitsulo kuchokera ku miyala ya mumgodi, yakhala ikudandaula kuti kutchipitsa zitsulo zakutha kukukondera mafakitale ang'onoang'ono osungunula ndi magetsi, ndipo inatchula zimenezi ngati chimodzi mwa zifukwa pomwe inalengeza zotseka mbali ya bizinesi yake ku Newcastle ndi Vereeniging, ntchito pafupifupi 3,500 zili pachiswe. Anatchulanso kukwera mtengo kwa magetsi ndi kufooka kwa njanji. Kaya mukhulupirire mbali iti, koma lamulo loteteza ntchito likamatchulidwa pa mwambo wochotsa anthu ntchito ndiye kuti penapake masamu sanayende.

Ku Kenya anachita zoposa apa. Pa 11 January 2022 nsanja za nthambo zikuluzikulu za magetsi zinagwa ku Nairobi zitafooka chifukwa anthu anamasula zitsulo zake, dziko lonse n'kuzima. Pa 20 January pulezidenti wa nthawi imeneyo a Uhuru Kenyatta analengeza kuti geni yonse ya zitsulo zakutha yaimitsidwa, osagula, osagulitsa, osatumiza kunja. Koma mwa anthu omwe apolisi anagwira pa nkhani ya nsanjazo munalinso mabwana a kampani ya magetsi yomwe. Chiletsocho sichinathe n'komwe theka la chaka, mu May anatsegulanso ndi malamulo atsopano a malayisensi, chifukwa mafakitale osungunula zitsulo ndi opanga mabatire anali atayamba kulira kusowa zipangizo. Lamulo la Scrap Metal Act iwo anali nalo kale kuyambira 2015.

A ku Britain anatenga njira ina, sanatseke geni koma anatseka kashi. Lamulo la ku England ndi Wales la Scrap Metal Dealers Act la 2013 limati wogula aliyense, ngakhale woyenda ndi kagalimoto khomo ndi khomo, akhale ndi layisensi ya khonsolo, aone chiphaso cha wogulitsa, ndipo alipire kudzera ku banki kapena cheke basi. Ndalama ikadutsa ku banki imasiya mapazi. Kunonso boma linakamba zoletsa kashi, ndipo pa kopa ine ndingasaine lero lomwe. Koma pa chitsulo wamba ndimaima kaye, chifukwa ndikudziwa omwe angagwe nazo. Munthu wa tirole wochokera ku Lesotho kapena kwathu, pasipoti inatha kale, akaunti alibe, ndiye mukamuuza kuti R60 yake ya lero ilowa ku banki mwamuuza kuti akagulitse kwa munthu wapakati wokhala ndi mapepala, yemwe amudula theka. Kapena apite ku yadi ya kuseri ija yosafunsa mafunso, yomwe ndi yomweyo tikufuna kuti itsekedwe.

Kwathu nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe kuno siyioneka kwambiri. Chitsulo chakutha ku Malawi sichimangopita pa lole kukakwera chombo, chambiri chimathera m'manja mwa amisiri. Pitani ku Ndirande kapena ku Mchesi mukamve kulira kwa hamala kuyambira m'mawa. Mbaula yomwe mayi anu akuphikira inali chitseko cha galimoto kapena mgolo, mpeni ndi chikwanje zinali sipuling'i, mapoto olemera aja amaumbidwa ndi aluminiyamu wosungunula, mafelemu a mawindo, ngolo, makasu, zokonzera njinga za kabaza. Mukati geni yonse itsekedwe mukutsekanso anthu amenewa. Kuletsa zotumiza kunja kokha mwina amisiriwa kungawakomere, zipangizo zingatchipe, apa ndiye kusiyana kwathu ndi kuno, koma wotola uja mtengo umugwerabe ndipo wakuba kopa malire athu a njira za mbewa aja sangamuvute. Lamulo la ogula zitsulo liliponso kwathu, Second-hand and Scrap Metal Dealers Act, lakalekale, ndipo funso loyenera kufunsa ndi loti ndi mayadi angati ku Lilongwe ndi ku Blantyre omwe wapolisi analowamo chaka chino n'kutsegula buku.

Ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanasiyanitsa zinthu ziwirizi poyera. Kopa, burasi, mamita a madzi, zivundikiro za ngalande, zitsulo za njanji ndi za milatho, izi wogulitsa abwere ndi kalata yosonyeza komwe wazitenga, ndalama idutse pa foni kapena ku banki, ndipo yadi yopezeka nazo popanda kalata itsekedwe, amangidwe mwini yadi osati mnyamata wa pasikelo yekha. Thiransifoma simasulidwa ndi munthu wosadziwa magetsi, ndiye kufufuza kuziyambira kwa omwe ali ndi luso ndi zida zake, kuphatikizapo makontirakita ndi omwe anachotsedwa ntchito. Bedi la dzimbiri, malata akutha, zitini, musiyeni munthu atole, mukafuna mulembeni m'kaundula wa khonsolo kwaulere mumupatse kakhadi koti apolisi asamamulande katundu panjira.

Ndipo boma liyambe ndi zitsulo zake zomwe. Kuseri kwa maofesi ambiri a boma, kwathu ndi kuno komwe, kuli magalimoto ogona pa mwala zaka ndi zaka, mathirakitala omera mitengo mkati, maambulansi opanda matayala, akudikira komiti yoti ikhale pansi ivomereze kuti agulitsidwe. Chaka chilichonse chimachokapo chinthu, lero alternator, mawa redieta, mkuja mawaya onse, pofika tsiku la okushoni chatsala ndi chigoba chomwe mtengo wake sufika n'komwe pa alawansi ya komiti ija. Awerenge zomwe ali nazo, zofunika aziikire mlonda wolipidwa pa nthawi yake, zosafunikazo azigulitse msanga poyera, mtengo ndi dzina la wogula zimatidwe pa bolodi kuti aliyense aone.